Mabatire Atsopano

Joni, 2 Malichi 1997

Mlongo wanga Jesca,

Moni kwa iwe ndi onse pakhomo. Amayi ali bwanji? Nanga atate, dzanja lija layamba kumva? Ife kuno tili bwino, ine ndi mlamu wako Amna, kungoti iye ndi wodwala matenda abwino. Tikuyembekezera mlendo mu Julayi.

Msuweni wathu Boaz akunyamuka ndi lole yake mawa, adzalowera pa chipata cha malire cha Mwami, ndiye ndamupatsira kaphukusi. Muli kamakina kojambula mawu, kakang'ono ngati sopo wochapira. Sikagwiritsa ntchito tepi ayi. M'kati mwake muli kakhadi kotchedwa fulashi, kamene kamasunga mawu ngakhale kamakinako kazime. Pulogalamu imene imaphunzitsa makina kulemba ndi kuwerenga pa kakhadiko ndinalemba ndine. Pa ntchito timaitcha dalaivala, koma usakauze anthu kutchalitchi kuti ndimayendetsa basi. Ubwino wa dalaivala wangayu ndi wakuti ndinamulemba kamodzi koma amalowa m'makina osiyanasiyana, m'sikelo, m'timakina towerengera mamita a madzi, ndi m'kamenekanso. Ndimangosintha pang'ono polumikizira. Azungu a pakampani pano anayesa, zinawakanika.

Batani lofiira n'lojambulira, lakuda n'lomvetsera, lachikasu n'lofufutira. Chonde mabatire muziika atsopano. Khalidwe lathu lija loyanika mabatire padenga kapena kuwaluma ndi mano mulisiye, musandichititse manyazi. Mukaika atsopano muona kanyali kakuphethira kwa kanthawi. Musakhudze, kamakhala kakusesa m'nyumba mwake. Kufufuta pa fulashi kumadya moto wambiri, ndiye ndinakonza zoti kusesako kuzichitika pokhapokha mphamvu ikakhala yokwanira.

Chimene ndatumizira ndi ichi. Chikwatirireni Amna, atate sanandilemberepo, ndipo tsopano ngakhale atafuna, dzanja lawakana. Mawu awo amandipeza kudzera mwa iwe, ndipo pepa mlongo wanga, ndimakudziwa, umathiramo mchere wako. Ndikufuna ndiwamve okha. Uwakumbutse kuti kwathu mwana wa mwana wamwamuna amatchulidwa ndi agogo ake. Ngati akundiyesabe mwana wawo, alankhule dzina m'kamakinamo, limodzi lokha, loyenera mnyamata kapena mtsikana. Sindikupempha china.

Ndine mlongo wako,
Ezekiel

*

Kasenengwa, 11 Epulo 1997

Achimwene,

Moni. Mwafunsa za dzanja. Dzanja silikumva, mwendo sukumva, ndipo wowatembenuza, wowasambitsa ndi wowachapira zofunda ndine, wothira mchere uja. Amayi msana unawathera kale.

Sopo wanu anafika. Atate atamuona anafunsa ngati ndi mankhwala. Nditawauza uthenga wanu anayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Munthu anandivula pamaso pa mpingo umene ine ndine mkulu wake, n'kukatenga mwana wa a Ismaili a sitolo, lero akufuna dzina? Akafunse kumzikiti." Ndikudziwa munena kuti ndi mchere wanga, ndiye ndinawapempha abwereze nditadina lofiira lanulo. Anati iwo anaphunzitsa ana zaka makumi atatu, sangayambe lero kulankhula ndi sopo.

Amene akondwa ndi amayi. Amaimbiramo nyimbo za kutchalitchi, n'kumadzimvera okha akuseka. Mabatire anu aja anathera pomwepo. Pano tikubwereka a m'wailesi, ndipo inde, timawayanika padenga. Kuno batire satola pansi.

A Wilbroad anabweranso kudzafunsa tsiku la ukwati wathu. Ichi n'chaka chachitatu ndikuwauza kuti adikire atate apezeko bwino. Zoti kusukulu ndinasiya kuphunzitsa mukudziwa, kapena simukudziwa, poti simufunsa. Bwerani achimwene, mudzagwireko beseni ngakhale sabata imodzi. Dzina amapempha munthu atakhala pansi, osati kutuma lole.

Jesca

*

Joni, 10 Meyi 1997

Jesca,

Moni. Kalata yako ndalandira, yandipweteka, koma kubwera panopa sindingathe.

Kampani yagulitsa dalaivala wanga kwa anthu opanga makina a m'migodi. Pulogalamu yoyendetsa makina awo ndi yosiyana ndi yathu, makhadi awonso ndi a mtundu wina. Fulashi ili ndi khalidwe loipa, Jesca. Pamene walemba kale sungalembepo, uyenera kufufuta chigawo chonse kaye, ndipo moto ukathima kufufutako kuli m'kati, zimawonongeka ndi zabwino zomwe. Masiku ano ntchito yanga ndi kuzula waya wa magetsi makina akulemba, kuyatsanso, kuona ngati chatayika china, kenako kuzulanso. Ndikachoka apatsa wina, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chinamangidwa ku ntchitoyi.

Ndinene mosabisa. Beseni angagwire aliyense, koma ichi ndikuchita ine m'Zambia monse palibe angachite. A Wilbroad ngati akukukondadi adikira.

Atate usatope nawo. Uziika kamakinako pafupi ndi mutu wawo, tsiku lina mtima udzagwa. Ndipo uwauze amayi kuti ndamva za mabatire a padenga. Ndinanena chinthu chimodzi chokha, chomwecho n'chimene alephera. Chinthu cha mwini wake sachita nacho choncho.

Ezekiel

*

Kasenengwa, 20 Juni 1997

Mwana wanga Ezekiel,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji, nanga mkazi wako akupeza bwanji? Telegalamu ndikhulupirira unalandira. Atate ako tinawaika Loweruka. Mwambo tinauchedwetsa tikuyang'ana kumsewu, mpaka abusa anati dzuwa lapsa, tiyeni. Sindikukudzudzula, ndikudziwa Joni ndi kutali.

Ndikuuze chinthu chokutonthoza. Kutatsala sabata kuti atisiye, ine ndinapita kuchigayo. Jesca akuti nditangochoka atate ako anaitanitsa sopo wa Ezekiel, ndi mmene ankakatchulira. Pobwera ndinawapeza maso ali ofiira, Jesca ali panja akuchapa bulangete, osandiyankha ndi moni yemwe. Atate ako anandiuza kuti, "Lenia, nkhani ya mnyamata uja ndamaliza." Ine sindinafunse zambiri, ndinkati tidzacheza bwino mawa. Mawa lakelo matenda aja anawagwiranso, lilime linamangika, sanalankhulenso.

Ndinapempha Jesca kuti anditsegulire ndimve, koma akuti mawuwo si athu, ndi ako. Mwina akunena zoona. Mulembere akutumizire.

Za mabatire ndinamva, mwana wanga. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndine wokalamba, undikhululukire.

Mayi ako,
Lenia

*

Joni, 19 Julayi 1997

Jesca,

Moni kwa iwe ndi amayi. Amna wachira, watipatsa mtsikana. Mphumi ndi ya atate yeniyeni.

Za maliro sindiyamba kudzikanira. Telegalamu inandipeza sabata yopereka ntchito ija kwa eni ake, ndipo Amna anali atatupa miyendo, sakanatsala yekha. Ndinalira ndili pa desiki, ukhulupirire usakhulupirire.

Amayi andilembera kuti atate analankhula. Jesca, chilandirireni kalata imeneyo sindikudya bwino. Mwana pano alibe dzina. A Ismaili aimba foni kuchokera ku Chipata kuti kwawo mwana sapitirira masiku asanu ndi awiri asanatchulidwe, ndipo ndawapempha apirire. Amna sakundikakamiza, koma ndimamumva akuyamwitsa akungoti "iwe mwana, iwe mwana", ndipo zikundidya mumtima.

Tumiza kamakinako ndi aliyense wobwera kuno, kapena pa positi. Kapena ungondilembera dzinalo kaye, mawuwo ndidzamva pambuyo.

Ezekiel

*

Kasenengwa, 8 Ogasiti 1997

Achimwene,

Moni. Tamva za mwana, Mulungu amukulitse.

Kumanda anthu ankafunsa kuti mwana wamwamuna wa aphunzitsi ali kuti. Amalume anandinong'oneza kuti tiwayankhe chiyani. Ndinati auzeni zoona, akuzula mawaya ku Joni. Dothi loyamba, limene munayenera kuponya inu, anaponya ndi a Wilbroad, munthu woti sanamalize n'kukwatira komwe pakhomo pano.

Munalemba nokha kuti lachikasu n'lofufutira. Titabwera kumanda ndinalowa m'chipinda cha atate, fungo lawo lidakalimo, ndinakhala pamphasa pamene ndagona zaka zitatu, ndipo ndinalidina. Linandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikiza. Ndinadinanso.

Mawu a atate ndi a munthu amene anali nawo. Inu munali ndi ntchito imene m'Zambia monse palibe angachite. Khalani nayo.

Jesca

*

Joni, 24 Ogasiti 1997

Msuweni Boaz,

Ndabwera kudepoti ya malole ndakupeza kulibe, ndiye ndasiya kakalata aka. Ndamva kuti ukupita kumudzi sabata ikubwerayi. Ndikutume ntchito yaikulu.

Jesca akuyesa kuti wandipha, koma sakudziwa chimene anadina. Pa fulashi, ukafufuta, dalaivala wanga amangoika chizindikiro choti apa ndi potayidwa. Mawu enieniwo amakhala alipo mpaka tsiku losesa, ndipo kusesa kumadikira mabatire amphamvu. Kwathu kuja, ndi mabatire awo a padenga, tsiku limenelo silinafike. Umphawi wawo womwewo wandisungira atate. Kakhadiko kakangofika pa desiki langa ndiwatulutsa onse.

Ukatenge kamakinako m'manja mwa amayi. Usayatse, ndipo usaikemo mabatire atsopano ngakhale wina akupatse aulere. Izi kunyumba sindinalembe dala, chifukwa wotenga makalata ku positi ya Chipata ndi Jesca, ndipo amawerenga onse. Akadziwa njira yake amaliza ntchito.

Ezekiel

*

Joni, 24 Ogasiti 1997

Amayi,

Moni. Tonse tili bwino, mdzukulu wanu akuyamwa kwambiri. Boaz akubwera. Mumupatse kamakina kaja, eni ake akukafuna kuno kuntchito. Mukatenge nokha kwa Jesca, mukapereke mmene kalili. Zambiri simungazimvetse, ndidzafotokoza pambuyo.

Mwana wanu,
Ezekiel

*

Kasenengwa, 12 Seputembala 1997

Mwana wanga Ezekiel,

Moni m'dzina la Ambuye. Mwana akukula? Mayi ake mkaka ukukwana? Kalata iyi ndaisokera m'phukusi momwemu, chifukwa Boaz watumiza uthenga kuti ndikamupeze ku Chipata, lole yake ili pa mzere ku Mwami ndipo sakhalitsa.

Jesca wapereka kamakina kosavuta. Nditamva kuti eni ake akukafuna, ndinakumbukira mabatire aja. Ndinati, chinthu chinabwera ndi moto wake, ife tibweze chili chakufa, ndi mabatire olumidwa mano m'kati? Azungu akewo akatsegula adzati mayi wa Ezekiel ndi munthu wotani? Kwathu ngakhale mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu. Unandidzudzula kawiri, sindinafune kachitatu.

Ndiye dzulo ndinakwera minibasi mpaka ku Chipata. Masitolo awiri anali ndi mabatire aakulu a tochi okha, aang'ono awa kunalibe. Anandilozera kwa a Ismaili. Mwana wanga, chikwatirireni iwe, pakhomo paja ndinali ndisanapondepo, atate ako analetsa. Ndinaima panja nthawi yaitali ngati wakuba. Anandiona ndi iwowo, anatuluka, anandipatsa mpando, anapepesa maliro mwaulemu kwambiri. Anandionetsa chithunzi cha mdzukulu wathu chimene munawatumizira, ndipo tinalira tonse awiri pakati pa mabelo a nsalu. Mabatire anatenga a m'kabati yagalasi, akuti ndiwo amphamvu kuposa onse, ndipo anakana kuti ndilipire. Anati ndife agogo a mwana mmodzi.

Nditafika kunyumba ndinaikamo. Kanyali kanaphethira monga unanenera muja, ndipo sindinakhudze, ndinakhala manja ali pamiyendo mpaka kanasiya kokha. Waona, mayi ako amamva akauzidwa.

Ndaikamo mtedza wa m'munda wa atate ako ndi kachipewa kamene ndaluka. Ukamva dzina undilembere msanga, ndikufuna ndiyambe kumutchula m'pemphero.

Mayi ako,
Lenia

*

Joni, 1 Okutobala 1997

Jesca mlongo wanga,

Moni. Sindikudziwa poyambira.

Phukusi lafika. Kalata ya amayi ndinawerenga nditaimirira pa depoti, Boaz akundifunsa kuti kodi wadwala. Ndinapitabe kuntchito, ndinachotsa kakhadi, ndinakawerenga chigawo ndi chigawo osadzera mwa dalaivala. Fulashi ikafufutidwa imaonetsa nambala imodzi yomweyo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndi zimene ndapeza pamene panali atate. Payera mbee. Dalaivala wanga sanalakwitse ngakhale pang'ono, wachita ndendende zimene ndinamulembera. Sabata yomweyi abwana andigwira chanza pamaso pa anthu kuti makina a m'migodi aja sanatayepo kanthu.

Chatsala ndi nyimbo za amayi, poti zimenezo sunafufute. Pa nyimbo ina amayi akufunsa kuti, "Kodi kayamba?" ndipo kumbuyo atate akutsokomola. Chifuwa chimenecho ndachimvetsera mpaka Amna wandilanda kamakinako.

Amayi usawauze, chonde. Adzafa nazo.

Watsala ndiwe wekha, Jesca. Za beseni zija ndinalankhula ngati chitsiru, ndipo za mchere zijanso. Ndagwada. Ngati anandikana, undiuze anandikana, ndipirira, mwana timupatsa dzina la kwa amayi ake. Ngati anatchula, ndipatse. Mwanayu wayamba kuseka, akatiyang'ana timasowa chomuitanira.

Ezekiel

*

Kasenengwa, 27 Okutobala 1997

Achimwene,

Moni. Amayi ali bwino, akufunsa tsiku lililonse ngati mwalemba. Sindinawauze kanthu ndipo sindiwauza, pamenepo musade nkhawa.

Kalata yanu yoyamba ija ndinaisunga, ndipo ndinaiwerenga bwino kuposa mmene munkaganizira. Amayi atabwera ndi mabatire a a Ismaili ndinakumbukira za kusesa zija, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake eni ake akafuna mwadzidzidzi. Sindinawatume ine kukagula. Munawatuma ndinu, ndi manyazi amene munawachititsa. Ine sindinawaletse. Kachitseko ka mabatire kanawalimbira, zala zawo zija mukuzidziwa, ndiye ndinawatsegulira.

Mwafunsa, ndikuyankhani popanda mchere. Sanakukaneni. Analankhula nthawi yaitali. Anati anali ouma mutu, anati Amna ndi mwana wawo, anasekanso pokumbukira mmene munaphwasulira wailesi yawo muli mwana. Anati amakunyadirani. Ine ndinali nditagwira sopo wanu pakamwa pawo ndi dzanja limodzi, linalo ndikuwapukuta dovu. Ndinamvetsera mpaka kumapeto kuti mwina anenako za ine. Langa dzina analitchula pomaliza, pamene anati, "Jesca, zimitsa."

Dzina la mwana anatchula. Ndi labwino kwambiri, loyenera mnyamata kapena mtsikana monga munapemphera. Analinena kawiri kuti limveke bwino.

Ukwati wanga ndi a Wilbroad uli mu Disembala. Simukuyenera kubwera, ndikudziwa ntchito. Dzina lija ndasungira mwana wanga woyamba. Wanuyo mutchuleni lililonse, asakule akuitanidwa "iwe". Wanga kaya abwera chaka chamawa kaya patapita zaka zisanu, akadzabadwa amayi adzakulemberani dzina lake, ndipo tsiku limenelo mudzamva chimene atate ananena. Mudikire, achimwene. Munati wokonda amadikira.

Jesca